Mwaika graphics card koma monita yangoti bii: musafulumire kunena kuti yafa

Awa ndi mawu amene mmodzi wa mamembala athu anayankhula pa mkumano wa kalabu kuno ku Mzimba boma. Tawalemba kuti amene sanabwere, komanso anzathu a ku Jenda, Embangweni ndi Luwerezi, awerenge nawo.

  Andipatsa mphindi zochepa kuti ndiyankhule za vuto limodzi limene likuzunguza ambiri a ife amene tayamba kupeza kangachepe ndi kompyuta. Munthu wapeza graphics card, waiika bwinobwino, wayatsa. Mafani akuzungulira, timagetsi tikuwala, koma monita yangoti bii, mwina ikungolemba kuti "No Signal".

Kwa amene simunaionepo, nayi ndainyamula, muziipatsirana koma muziigwira m'mbali. Ntchito ya khadi imeneyi ndi kujambula chilichonse chimene mumaona pa sikirini. Makompyuta ambiri a muofesi amakhala kale ndi kagawo kogwira ntchito imeneyi mkati mwa purosesa, ndipo polemba CV kapena kalata kagawoko kamakwanira. Koma mukayamba kukonza mavidiyo a ukwati, a kwaya, a Umthetho ku Hora, kapena kupanga maposita akuluakulu, kompyuta ija imayamba kutsimphina. Apa m'pamene munthu amafuna khadi yapadera.

Tonse tikudziwa kumene zinthu ngati zimenezi zimachokera kuno kwathu. Ambiri tili ndi achimwene, achemwali kapena amalume ku Joni. Munthu wadzimana kuti akugulireni khadi, waipereka kwa transipota, yayenda masiku angapo pamodzi ndi mabulangete ndi mapoto. Ikakana kuonetsa chithunzi, mawu oyamba amakhala akuti "anditumizira chakufa". Voice note yapita kale, m'bale uja wakhumudwa, ndipo kubweza katunduyo kumene anagula n'kosatheka. Ena amanyamula bokosi lonse ulendo wa ku Mzuzu, makilomita oposa 100, kulipira thiransipoti popita ndi pobwera, kukafika kumeneko mmisiri n'kungosuntha chingwe chimodzi. Ndiye mfundo yanga lero ndi imodzi basi: monita yakuda si umboni woti khadi yafa. Pali zinthu zoti mufufuze mwandondomeko, kuyambira zaulere kumalizira zodula, ndipo muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Mukasintha zitatu nthawi imodzi, ngakhale zitatheka simudziwa chimene chinali vuto. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tisanagwire chilichonse, tiyambe ndi chitetezo. Musanatsegule bokosi, zimitsani kompyuta, zulani chingwe kukhoma, kenako dinani batani loyatsira kwa masekondi khumi kuti magetsi otsalira athe. Gwirani chitsulo cha bokosilo musanagwire khadi. Thupi lathu limasunga magetsi aja amene amathetheka mukamavula juzi mumdima, makamaka nyengo youma, ndipo amatha kuononga tizipangizo ta pa khadi. Kabokosi ka power supply musakatsegule ndi pang'ono pomwe, chifukwa mumakhala magetsi otha kukuvulazani ngakhale mutazula kukhoma. Mukamva fungo la kupserera, zulani pompo, musayesenso. Chinanso, katundu wa ku Joni amabwera ndi pulagi ya mano atatu ozungulira imene silowa m'masoketi athu. Chonde musadule pulagiyo n'kumalowetsa mawaya osenda ndi timitengo ta machesi. Gulani chingwe cha pulagi yathu, n'chofanana ndi cha maketulo ena ndipo sichidula. Ngati kuseri kwa power supply kuli kaswitchi kofiira kolembedwa 115 ndi 230, kakhale pa 230, chifukwa magetsi athu ndi a 230V.

Tsopano choyamba, ndipo ichi n'chimene chimagwetsa anthu ambiri: chingwe cha monita mwachilowetsa pati? Tembenuzani bokosi muone kuseri. Cha kumtunda, pafupi ndi mabowo a USB, pali mabowo a monita a pa motherboard. Cha kumunsi, pamene mwaika khadi yatsopano, palinso mabowo ena. Dzanja linazolowera bowo lakale, ndiye munthu akamaliza kumanga amabwezera chingwe pomwe chinali. Koma makompyuta ambiri akaona kuti mwaika khadi, amatseka okha mabowo a pa motherboard. Chithunzi chikutuluka ndithu, koma chikutulukira khomo lina. Zimitsani, sunthani chingwe chipite pa khadi, yatsaninso. Simunaononge ngakhale tambala imodzi.

Chachiwiri ndi monita yeniyeniyo. Yang'anani kanyali kake. Ngati sikakuwala n'komwe, monita sikulandira magetsi, khadi musaiimbe mlandu. Ngati kakuwala chikasu kapena kakuphethira, monita ili moyo koma sikulandira chithunzi. Dinani batani la Menu. Tizilembo tikatuluka, sikirini ndi yabwino. Kenako fufuzani batani la Source kapena Input. Monita imene yakhala pa VGA zaka zonsezi mwina siisamukira yokha ku HDMI, mufunika kuiuza. Ngati kunyumba kuli TV yokhala ndi HDMI, yesani pamenepo, ndipo mubwereke chingwe china kwa mnzanu, chifukwa zingwe zimaduka mkati kunja zikuoneka zabwinobwino.

Pa nkhani ya zingwe ndichedwepo pang'ono, poti apa m'pamene pamatayika ndalama. Mamonita ambiri amene tili nawo ndi akale, a bowo la VGA, labuluu lija la timano 15. Makhadi akale ngati GT 710 ndi GT 730 ambiri ali nalo bowo limeneli. Koma kuyambira pa makhadi a NVIDIA amene anatuluka mu 2016, monga GTX 1050 Ti ndi GTX 1060, komanso a AMD monga RX 570 ndi RX 580, chithunzi cha mtundu wa VGA sichituluka n'komwe. Ndiye munthu amaona bowo loyera la DVI pa khadi, n'kukagula kaadaputa kotchipa ka DVI kupita ku VGA. Kalowa mokakamiza kapena kakana, chithunzi palibe. Chinsinsi chake n'chakuti DVI ilipo mitundu iwiri yodziwika. Yang'anani kabowo kopyapyala kali kumapeto. Ngati kazunguliridwa ndi timabowo tinayi, imeneyo ndi DVI-I ndipo kaadaputa kaja kagwira ntchito. Ngati palibe timabowo tinayi, ndi DVI-D, ndipo kaadaputa wamba sikangathandize. Chofunika ndi converter yokhala ndi kachipangizo mkati, yochokera ku HDMI kupita ku VGA. Pogula muwerenge bwino, chifukwa converter imayenda mbali imodzi ngati madzi a mumtsinje. Yolembedwa VGA to HDMI si imene mukufuna.

Chachitatu ndi chakudya cha khadi, ndiye kuti magetsi. Mpata umene khadi imalowamo, umene timautchula PCIe x16, umapereka mawati osapitirira 75. Khadi yaing'ono ngati GT 1030 imadya mawati 30 okha, ndipo GTX 1050 Ti imadya 75, choncho zambiri mwa izi zimakhuta ndi mpata wokhawo. Koma GTX 1060 imafuna mawati 120, RX 580 imafuna 185. Zimenezi zimakhala ndi timabowo tina m'mphepete, tisanu ndi kamodzi kapena tisanu ndi titatu, tofunika chingwe chochokera ku power supply. Chingwe cha timano 6 chimaonjezera mawati 75, cha timano 8 chimaonjezera 150. Mukasiya timabowo timeneti popanda chingwe, khadi siidzuka. Samalaninso kuti mkati muli chingwe china cha timano 8 cha purosesa, chogawika 4 ndi 4. Cha khadi chimagawika 6 ndi 2 ndipo nthawi zambiri chimalembedwa PCI-E. Zikuoneka ngati mapasa koma mawaya ake anasiyana, musakakamize.

Vuto lake n'lakuti makompyuta ambiri amene amatipeza kuno ndi aja anagwirapo kale ntchito m'maofesi, timabokosi tating'ono ta Dell OptiPlex kapena HP. Ndi makina olimba, koma sanawapangire makhadi olemera. Power supply yake imakhala pakati pa mawati 180 ndi 255, ndipo chingwe cha khadi mulibe. Pomwe opanga GTX 1060 amati pakhale power supply ya mawati 400, a RX 580 amati 500. Zili ngati kumangirira ngolo yodzaza chimanga kwa thole. Werengani pepala lomatidwa pa power supply yanu, nambala ili pamenepo. Ndipo anzanga a kumudzi amene mumadalira sola, werengeraninso inverter. Khadi ya mawati 185, kuphatikiza kompyuta ndi monita, inverter ya mawati 300 iyamba kulira kapena kuzima. Apanso khadi ilibe mlandu.

Ndionjezerepo kanthu kamodzi. Ena amati, "fani ya khadi sikuzungulira, ndiye yafa". Ayi. Makhadi ambiri amasiku ano amaimitsa mafani dala akakhala kuti sanatenthe. Amayamba kuzungulira ntchito ikakula.

Chachinayi, kodi khadi yakhala bwino mu mpata wake? Zulani magetsi, masulani screw, kankhani kaloko kali kumapeto kwa mpata, tulutsani khadi. Onani ngati mu mpatamo muli fumbi, paja fumbi la kuno mu Okutobala silipempha chilolezo. Chotsani ndi kabulashi kouma, madzi ayi. Bwezerani khadi mowongoka, kankhani mbali zonse mofanana mpaka mumve kaloko katseka. Timano tagolide tisaonekere kunja. Ngati bokosi ndi laling'ono, khadi imafunika kachitsulo kafupi kotchedwa low profile, apo ayi imapendekeka n'kusiya kukhudza bwino. Muli momwemo, dinaninso ma RAM. Dzanja limatha kuwagunda pomanga, ndipo kompyuta imene yadutsa Beitbridge, Zimbabwe ndi Tete pa thirela yagwedezeka mokwanira. RAM ikasuntha pang'ono chabe, kompyuta imayaka koma sionetsa kanthu, ndendende ngati khadi yafa.

Mukachita zonsezi chithunzi osabwera, imani kaye mumvetsere zimene kompyuta ikukuuzani. Funso lalikulu ndi ili: monita imada kuyambira pachiyambi, kapena imayamba yaonetsa dzina la kompyuta ndi chizindikiro cha Windows kenako n'kuda? Awa ndi matenda awiri osiyana. Dikirani mphindi imodzi mudine Caps Lock pa kiyibodi. Kanyali kake kakamayaka ndi kuzima mukamadina, kompyuta yadzuka ndipo chatsala ndi chithunzi chokha. Kakapanda kuyankha, yakakamira poyambira. Makompyuta ena amalira. Pa ambiri, kulira kumodzi kwakutali kotsatana ndi kuwiri kapena kutatu kwakufupi kumaloza ku khadi. A Dell ambiri amaphethira kanyali ka pa batani loyatsira. Werengani kuti kaphethira kangati, mufufuze pa foni pamodzi ndi dzina la kompyuta yanu.

Ngati imada kuyambira pachiyambi, chachisanu ndi BIOS, kapulogalamu kamene kamadzutsa kompyuta Windows isanayambe. Tulutsani khadi, bwezerani chingwe pa motherboard, yatsani. Chithunzi chikabwera, mwadziwa kuti monita, chingwe, RAM ndi purosesa zili bwino. Dziwani kuti mapurosesa ena alibe kagawo kojambula kaja, monga a Intel okhala ndi F kumapeto kwa nambala komanso ma Ryzen akale ambiri opanda G, ndiye pa amenewo bowo la pa motherboard silionetsa kanthu ngakhale zonse zili bwino. Polowa mu BIOS, pa Dell mumadina F2, pa HP F10, pa ena Delete. Fufuzani pamene alemba Primary Display kapena Initial Display, musankhe PCIe, PEG kapena Auto. Njira ina ndi kuchotsa kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo kali pa motherboard, kotchedwa CR2032, kudikira mphindi zisanu n'kukabwezera. Zikatero BIOS imabwerera mmene inachokera ku fakitale. Ngati kompyuta yanu imaiwala tsiku ndi nthawi magetsi akazima, kabatire kameneka katha, gulani kena.

Palinso ma motherboard akale kwambiri amene sagwirizana ndi makhadi atsopano mpaka BIOS itakonzedwanso ndi update. Apa ndikuchenjezeni. Magetsi akazima update ili mkati, motherboard ikhoza kusadzukanso. Musachite zimenezi opanda UPS kapena inverter yodalirika, ndipo pakhale munthu amene anachitapo.

Ngati imayamba yaonetsa chizindikiro kenako n'kuda, sangalalani, chifukwa khadi ikugwira ntchito. Chachisanu ndi chimodzi ndi driver. Sindikunena dalaivala wa minibasi ya ku Jenda ayi, ndi kapulogalamu kamene kamamasulira pakati pa Windows ndi khadi. Kawirikawiri driver ya khadi yakale imalimbana ndi yatsopano, makamaka mukachoka ku NVIDIA kupita ku AMD. Yambani ndi kudina mabatani anayi pamodzi: Windows, Ctrl, Shift ndi B. Amenewa amadzutsanso driver. Zikakanika, lowani mu Safe Mode. Pa Windows 10 ndi 11, mukaizimitsa pogwiritsa batani loyatsira pamene ikuyamba kumene, kawiri kapena katatu motsatizana, imatsegula yokha tsamba lokonzera. Pamenepo pitani pa Troubleshoot, Advanced options, Startup Settings, kenako musankhe 4. Mukalowa, chotsani driver yakale. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa DDU imene imasesa bwino. Kenako ikani yatsopano yochokera pa tsamba la NVIDIA kapena AMD lenilenilo. Imakhala yaikulu, nthawi zambiri yoposa ma MB 500, ndiye amene watsitsa asunge pa flash kuti mnzake asadzaonongenso bandulo. Monita ikalemba kuti "Out of Range", ndiye kuti khadi ikutumiza chithunzi chachikulu kuposa chimene monita yakaleyo ingalandire. Mu Safe Mode momwemo tsitsani resolution.

Chomaliza ndi kuyesa mosinthana. Tengani khadi yanu mukaiike mu kompyuta ya mnzanu imene ili ndi power supply yokwanira. Ikagwira ntchito kumeneko, vuto lili mu bokosi lanu. Ikakananso kumeneko, ndipo khadi ya mnzanuyo ikugwira ntchito mu kompyuta yanu, apo ndiye mwapeza umboni. Pokhapo m'pamene mungaimbe foni ku Joni, ndipo muyankhule mwaulemu, mufotokoze zimene mwayesa. M'bale wanu akhoza kukhala kuti naye anapusitsidwa. Pa misika ya pa intaneti pamapezeka makhadi akale kwambiri amene anthu achinyengo amawasintha dzina kuti azioneka ngati GTX 1050 Ti. Chizindikiro chimodzi ndi chomwe chija: mukaona GTX 1050 Ti yokhala ndi bowo labuluu la VGA, kayikirani. Pulogalamu yaulere ya GPU-Z imathandiza kuzindikira makhadi otere. Aliponso makhadi ena, monga P106, amene anawapangira ntchito yokumba ndalama za crypto, ndipo alibe bowo la monita ngakhale limodzi.

Mwina mwaona kuti mavuto ambiri amene ndatchulawa amayamba khadi isanagulidwe n'komwe. Timangotumiza uthenga woti "mundigulire graphics card yamphamvu", ngati tikuitanitsa nsapato osatchula saizi. Ndiye musanapemphe, jambulani zithunzi zinayi mutumize. Chimodzi cha pepala la pa power supply, mawati aoneke. China cha kuseri kwa monita, mabowo aoneke. China cha dzina ndi nambala ya kompyuta. Chomaliza cha mkati mwa bokosi, kuti wogulitsa aone malo amene alipo. Ngati muli ndi kabokosi kakang'ono ka muofesi, pemphani khadi ya low profile yosafuna chingwe chapadera, ndipo ngati monita ndi ya VGA, converter ibwere limodzi. Khadi yabwino ndi imene kompyuta yanu ingathe kuidyetsa, ngakhale dzina lake lisakhale lotchuka.

A tcheya, ndili ndi pempho limodzi kwa kalabu. Tiyeni tisonkhe pang'onopang'ono tikhale ndi kabokosi ka tonse, mukhale chingwe cha HDMI chodziwika kuti n'chabwino, converter ya HDMI kupita ku VGA, timabatire tiwiri ta CR2032, screwdriver ya nyenyezi ndi flash ya ma driver. Aliyense wobwereka azilembetsa dzina ndi tsiku lobweza. Ndi zinthu zimenezi, membala wa ku Embangweni kapena ku Edingeni atha kudziwa vuto lake asanakwere galimoto. Ndipo asungwana, ntchito imeneyi siifuna ndevu. Ikufuna maso, kudekha ndi kope lolembamo zimene mwayesa kale.

Kompyuta ya kalabu ili apayo, ndaizula kale kukhoma. Tikamaliza pano amene akufuna abwere m'magulu a anthu anayi, aliyense atulutse khadi ndi kuibwezera ndi manja ake, ndipo ndikuonetsani kusiyana kwa DVI ziwiri zija. Amene muli ndi mafunso, kapena muli ndi kompyuta imene yakhala itada kunyumba, ndiuzeni dzina lake ndi mawati a power supply yake, tiyambire pamenepo.